Amene Ankazula Fulashi kwa a Manda

Doreen atadzuka m'mawa anapeza fulashi itazulidwa. Inali pathebulo la pabalaza, itagonekedwa bwinobwino pakati pa kansalu koluka, ngati kuti amene anaizulayo ankaopa kuti ingagwe. Laputopu inali yotseka. Koma iye anaisiya yotsegula dzulo lake, kamzere kobiriwira kakukwawa pang'onopang'ono pa sikirini kusonyeza kuti maimelo akukopedwa.

Anaiyatsa n'kudikira kanthawi kuti idzuke, chifukwa inkachedwa ngati nkhalamba ya nyamakazi. M'fulashimo anapezamo fayilo yoduka pakati, yopanda ntchito. Anatsonya mokweza, kenako anacheuka mwamanyazi kuopa kuti apongozi ake amumva.

Doreen anali namwino wochokera ku Ntcheu. Boma linamutumiza ku chipatala china chaching'ono kufupi ndi Chintheche, ndipo kumeneko anakwatiwa ndi Frackson Manda wa ku Bandawe. Frackson anapita ku Joni kukagwira ntchito monga amachitira amuna ambiri a m'derali, ndipo anadwala n'kumwalirira komweko. Thupi silinabwere. Doreen anakhalabe ndi makolo a mwamuna wake: a Jobe Manda, mphunzitsi wopuma, ndi akazi awo aNyaLongwe, mayi wachete amene kuyambira tsiku la uthenga wa malirowo ankayankhula pongoyankha moni.

Laputopuyo anaisiya ndi Frackson paulendo wake womaliza, kuti bambo ake azimulembera. Pulogalamu ya maimelo imene anawaikira inkatsitsa chilichonse n'kusunga m'kompyuta momwemo, osasiya kanthu pa intaneti. Pasiwedi anapita nayo kumanda mwiniwake, ndipo akauntiyo inatsekeka kalekale. Choncho zonse zimene Frackson analemba, zithunzi zake, ndi timawu timene ankajambula n'kutumiza, zinali m'bokosi lakudalo basi.

Tsopano laputopuyo inali italowa vayirasi. Doreen ankaifuna pa maphunziro ake a uzamba, ndipo ntchito yake yomaliza inkayenera kutumizidwa mwezi usanathe. Killion, amene amakonza mafoni ndi makompyuta pa Chintheche, anabwera kudzaiona n'kupukusa mutu.

"Apa n'kufomata basi, asisi, tiikemo sisitimu yatsopano," anatero. "Koma tikafomata zonse zimapita. Muyambe mwakopera maimelowa m'fulashi. Pokopa, pulogalamuyo ikhale yotseka, ndipo wina asagwire mpaka ithe. Mmene yadwaliramu idzatenga usiku wonse."

Masana magetsi ankazimazima, batire inali yakufa, ndipo soketi yodalirika inali ya pabalaza yokha. A Jobe nawo anali atanena kale kuti laputopuyo siituluka m'nyumba muno mawu a mwana wawo asanasungidwe pena.

Pa nthawi ya tiyi Doreen anafunsa modzichepetsa. "Ada, kodi mwina munaigwira kompyuta usiku?"

"Ine, mkamwana? Ndinagona inu musanazimitse nyali," anayankha a Jobe.

ANyaLongwe ankangoyang'ana m'kapu mwawo.

Usiku wotsatira Doreen anabwera ndi pulasitala wa kuchipatala n'kumata fulashiyo kuti isasunthe. Anakhoma zitseko zonse yekha, makiyi n'kuika pansi pa pilo. Tulo sitinabwere msanga. Ankamva mileme ikukwekwesa m'denga, malata akuthetheka pozizira, ndi kafani ka laputopu kakulira pabalaza ngati udzudzu waukulu. Nthawi ina, ali pakati pa tulo ndi maso, anamva ngati mwamuna waseka, kuseka kwapansipansi kothera m'mphuno. Anadzuka n'kukhala tsonga. Kunali zii. Ngakhale kafani kaja kanali katasiya. Anafuna kutuluka, koma anadziuza kuti ndi maloto.

M'mawa pulasitala uja anali atamatulidwa mosamala n'kupindidwa. Fulashi inali pakansalu pomwe paja. Mpando umene anaukankhira kukhoma unali utakokedwa kufupi ndi thebulo.

Ulendo uno Doreen sanadzigwire. "Ada, ngati simukufuna kuti ndiikonze, mungondiuza! Ndikalephera kutumiza ntchitoyi chaka chonse chapita m'madzi. Ndikuvutikira ine ndekha kodi? Ikafa yokha iyi, mawu a Frackson mudzawapeza kuti?"

A Jobe anavula magalasi n'kumuyang'ana. "Mukundiyesa wabodza m'nyumba mwanga?"

"Ayi ada, koma zitseko ndinakhoma ndine."

"Ndiye muzifunse zitsekozo," anatero, n'kutuluka osamaliza tiyi.

Nkhani inali itafika kale kuchipatala. Rebecca, namwino mnzake wa konkuno, anamukokera m'chipinda cha mankhwala n'kutsitsa mawu.

"Iwe, kwanu kukuchitika chiyani? A Sam aja, msodzi woyandikana nanu, akuti akamapita kunyanja mbandakucha amaona kuwala kwa buluu pawindo lanu. Akuti anaima n'kumvetsera, ndipo anamva mwamuna akuyankhula Chitonga m'katimo. Akulumbira kuti mawuwo ndi a malemu."

"A Sam amamwa," anatero Doreen.

"Amamwa inde. Koma akuti sizinayambe lero. Anthu akunena kuti munthu woikidwa kutali, mukapanda kukatenga mzimu wake, amabwera yekha n'kukhala m'chinthu chimene ankachikonda. Ndiye iwe ukufuna kufufuta momwe akukhala?"

"Ndikufuna kukopa fayilo, Rebecca. Fayilo basi!"

Ananena mwaukali, koma tsiku lomwelo anagwetsa thireyi ya majakisoni. Anaimbira Killion kufunsa ngati vayirasi ingathe kuimitsa kukopa.

"Kuimitsa ingathe," anayankha Killion. "Koma vayirasi yomatula pulasitala sindinaionepo."

Anayesanso madzulo atangoweruka, atakhala pomwepo maso ali pa sikirini. Kamzere kaja kasanafike n'komwe pakati magetsi anazima. Atayakanso anayambiranso, ndipo tulo titamukulira anakagona. Kunacha zili chimodzimodzi. Anakhala pampando n'kulira, kulira kwa mkwiyo, akumenya thebulo ndi chikhatho. Mwezi unali ukutha, a Jobe sankamuyankhula, ndipo amayi a kumjigo ankasiya nkhani akamuona.

Tsiku lotsatira anaganiza zoona yekha. Atayambitsa kukopa anazimitsa nyali, n'kukhala pansi kuseri kwa kabati ya mbale, atadzifunda chitenje. Kuwala kwa sikirini kunkagwera pakhoma pamene panali chithunzi cha ukwati wake, nkhope zonse zikuoneka zotuwa. Kanyali kofiira ka fulashi kankaphethira. Fungo la chinangwa chovikidwa linkalowera pansi pa chitseko cha kukhitchini. Miyendo inachita dzanzi, udzudzu unamudya m'makutu, koma sanasunthe.

Tambala woyamba atalira, chitseko china chinalira pang'ono m'kakhonde ka m'kati. Kenako mapazi, opanda nsapato, akukhwekhwereza pa simenti, kuima, n'kuyambanso. Doreen anatseka pakamwa ndi dzanja. Chinthu choyera chinatulukira mumdima n'kuima kutsogolo kwa thebulo. Mpando unakokedwa. Dzanja lowonda linatambasuka, chala chikuyenda pang'onopang'ono, ndipo patapita nthawi yaitali chipinda chonse chinadzaza ndi mawu amene Doreen anali asanawamve chimwalirire mwini wake.

"Ama, mwayuka uli?" anatero Frackson, n'kuseka kuseka kwake kothera m'mphuno. Anapitiriza m'Chitonga, kunena za kuzizira kwa ku Joni, ndi bulangete limene anawagulira.

Doreen anafuula. Chinthu choyeracho chinadzidzimuka, nsalu inagwa pamutu, ndipo anaona imvi za aNyaLongwe.

"Ama!" ananong'ona. "Ndinu?"

Mayiwo anaimitsa mawuwo mwaluso la munthu wozolowera. Pa sikirini panali patatuluka kale uthenga woti kukopa kwalephereka chifukwa fayilo yatsegulidwa kwina.

"Ndimabwera kudzamumva," anatero m'Chichewa chawo cholemera. "Ndinaonera kwa adada ake pamene amadina. Akandipatsa moni ndimakagona."

"Nanga fulashi mumazuliranji? Mwandizunza sabata yonse, ama. Ndayambana ndi ada chifukwa cha inu!"

"Kanthu kako kofiirako kamamuyamwa," anayankha, akuloza fulashiyo. "Kakamaphethira, mawu ake amadukaduka, amachedwa kubwera. Ndikakachotsa amayankhula bwino. Thupi lake sanandipatse. Tsopano ndi mawu omwe uwatsekere m'kachitsulo ngati chala changa? Kakatayika?"

Mkwiyo wa Doreen unathera pomwepo. Anagwada pambali pawo. "Sikamachotsa kanthu, ama. Kamangotenga china chofanana, choyambacho n'kutsala. Mudzaona ndi maso anu. Akapanda kuyankhula m'malo awiri, sitifufuta kanthu."

A Jobe anali ataima pakhomo la chipinda chawo, tochi ili m'manja yosayatsa. Anangobwera n'kutola nsalu ija, n'kuwafunditsa akazi awo.

Loweruka magetsi anakhala tsiku lonse. Doreen anayambitsa kukopa kutangocha, ndipo aNyaLongwe anakhala pomwepo akusenda nyemba, diso lili pa kanyali kofiira, mpaka kamzere kanafika kumapeto dzuwa litapendeka. Killion anabwera ndi laputopu yake, anabayamo fulashiyo, natsegula maimelowo kuti atsimikize kuti ndi athunthu. Anasiyanso kope lina m'kompyuta yakeyo. ANyaLongwe analoza pamene ankadina, ndipo Frackson anapereka moni kuchokera m'makina achilendo. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anagwedeza mutu.

"Yewo. Fufutani," anatero.

Pamene sikirini inada n'kuyamba kulemba tizilembo toyera, a Jobe anatuluka panja. Anabwerera kutayamba mdima, Killion akubwezeretsa maimelo mu sisitimu yatsopano. Onse anabwerera m'malo mwake, zithunzi zomwe. Laputopu inkathamanga ngati yogula kumene. Killion anamwa tiyi, anakwera njinga yake yamoto n'kumapita.

Atadya chakudya chamadzulo, Doreen anakhala pansi kuti alembe ntchito yake ya kusukulu. Bandulo ya intaneti anali asanagule, choncho ankangolemba kuti adzatumize mawa ali kuchipatala. A Jobe ankawerenga pampando wawo. Kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anamufunsa ngati akufuna nyali ina.

Ndipo laputopu inalira. Kabelu kamodzi, kakafupi, kowala.

A Jobe anatsitsa buku. "Kameneko kamalira akalemba," anatero pang'onopang'ono.

Doreen anatsegula pulogalamu ya maimelo. Pamwamba pa onse panali mzere umodzi wakuda kwambiri, wosatsegulidwa. Dzina linali la Frackson. Mutu panalibe. Deti linali la tsiku lomwelo, ndipo nthawi inali yomwe inkaoneka pakona ya sikirini.

Anaimba foni nthawi yomweyo. Killion anayankha ali pamsewu, mphepo ikuwomba.

"Mwina ndi yakale imene yasokonekera deti pobwezeretsa," anatero. "Zimachitika."

"Koma yalira, a Killion. Yalira pompano."

"Asisi, ine ndangoikamo akale aja. Akaunti sindinailumikize, ilibe pasiwedi. Ndipo intaneti mwayatsa?"

"Ayi."

"Ndiye palibe polowera," anatero Killion, ndipo foni inaduka.

ANyaLongwe anali atatuluka kukhitchini, manja ali ndi madzi. Anaima kumbuyo kwa Doreen n'kuyang'ana mzerewo, ngakhale sankadziwa kuwerenga zilembo zing'onozing'ono chotero.

"Dina," anatero.

"Ayi," anatero a Jobe. "Kuyambe kwacha."

Chala cha Doreen chinali m'malere pamwamba pa batani. Atatuwo anakhala choncho, wina osayang'ana mnzake, mpaka kabelu kaja kanaliranso.