Dzina Limene Linakana Kufufutika

Izi sindikupeka ayi. Zinachitika mu Novembala 2018, m'nyumba ina ku Highfields, ndipo anaziona ndi maso ndi anthu awiri: Mayi Scholastica, namwino wodziwika mu Leicester muno ku Mangalande, ndi mlamu wawo Mapopa, amene amagwira ntchito ya makompyuta ku Nottingham. Onse ali moyo, mukhoza kukawafunsa.

Amuna awo a mayiwa, malemu Bennet, anali munthu koma! Masana ankanyamula katundu ku weyahausi ku Corby, akaweruka n'kumakonzera anthu malaputopu osawalipiritsa. Wophunzira akabwera akulira kuti pulogalamu yake yolembera yatseka, iwo ankangoseka n'kumuikira LibreOffice. "Iyi ndi yaulere, mwana wanga, ngati madzi a pa mjigo. Anaipanga anthu ongodzipereka. Lemba mpaka zala zitupe." Manesi angati anamaliza digiri ndi pulogalamu imeneyo? Makalata a mpingo, ofunsira ntchito, onse anadutsa m'manja mwawo. Ine ndimati munthu wotere sabadwa kawiri.

Anali ndi chizolowezi chimodzi. Pa laputopu yawo ankasiya choyatsa chida china chosunga zosintha, moti ukafufuta mawu sachoka, amangodulidwa ndi mzere pakati. "Munthu usamataye chinthu uli wokwiya," ankatero, uku akutafuna jinja, poti jinja sankawachoka m'thumba.

Atamwalira mwadzidzidzi, panafunika kulemba mbiri ya malemu yokawerenga kutchalitchi mawa lake. Pepala lomwelo linali loti lipite ndi thupi ku Zomba, likawerengedwenso kumanda. Mbiri, mukudziwa, imatchula ana onse amene munthu wasiya. Kuno analipo Dylan ndi Anastasia. Koma ku Zomba kunali woyamba kubadwa, Atuweni, wa mkazi wakale. Atuweniyo atamva za imfa anaimba foni akulira, n'kunena kuti Mayi Scholastica apha bambo ake powagwiritsa mashifiti a ntchito osapuma. Mawuwo anawabaya pamtima mayi amene anasamala mwamuna wawo ngati dzira.

Chakumadzulo, mdima wa nyengo yozizira utagwa kale, anthu apasiwa ankaimba nyimbo pabalaza pansi. Awiriwo anakwera kukachipinda kam'mwamba kumene kunali laputopu ya malemu. Mapopa analemba kuti: asiya ana atatu, Atuweni, Dylan ndi Anastasia.

"Chotsani loyambalo, alamu," anatero mayiwo.

"Alamu, mwanayo akaima pamanda n'kumva kuti dzina lake mulibe?"

"Wandinena kuti ndine wakupha. Chotsani."

Mapopa anafufuta. Dzinalo linangodulidwa mzere, n'kukhalabe pomwepo. Izi sizinawadabwitse, chinali chizolowezi cha malemu chija. Iye anazimitsa chidacho, nalichotseratu dzinalo, pa atatu n'kulemba awiri. Anasunga, natsika kukatenga waya wa pulinta yosindikizira pepalalo.

Mayi Scholastica anatsala okha. Kuseri kwa nyumba, ku mabini a zinyalala, nkhandwe inalira. Za kuno zimalira kawirikawiri, koma wobadwira kwathu akaimva pa tsiku la maliro, tsitsi limamuima ndithu. Redieta yotenthetsa m'nyumba imene imalira kuti tiki tiki inaleka. Nyimbo ya pansi inamveka patali, ngati ikuchokera mu msewu wina.

Kenako fungo la jinja. Lowawa, longotafunidwa kumene.

Kamzere kophethira pa sikirini kanasuntha. Kanakwera kokha. Kanaima pambuyo pa mawu oti ana awiri. Manja a mayiwo anali pamiyendo. Mabatani anali zii, osasuntha.

Chilembo chinatuluka. China. Pang'onopang'ono, monga ankalembera malemu ndi zala ziwiri.

"Alamu," ananong'ona.

Mapopa anali pakhomo, waya uli m'manja. Anaona zilembo zitatu zomaliza zikudzilemba. Atuweni. Kenako mzere unadula mawu oti awiri, pambali pake n'kutuluka atatu. Chida chija anazimitsa chinali chitayakanso.

"Mwakhudza?" anafunsa Mapopa.

"Ayi."

Mapopa anayandikira. Atalozetsa pa dzinalo, panaoneka dzina la wosintha: Bennet.

"Limenelo lili m'makonzedwe a laputopu," anatero. "Aliyense wolemba pano imamutcha Bennet."

"Nanga wolembayo ndani?"

Mapopa anayamba kufufuza. Anayang'ana ngati wina walowa kudzera pa intaneti. Laputopuyo inali yosalumikizidwa. Anazimitsa laputopu, nayiyatsanso. Dzina linali pomwepo. Fungo linali pomwepo.

"Ndichotsenso?"

Mayi Scholastica anayang'ana mpando wa malemu umene unali pakona, wopanda munthu. Mantha anali nawo, iwo amavomera. Koma akuti chimene chinawagwira kwambiri ndi manyazi, komanso chisoni choti munthu uja, ngakhale ali m'mochale, akukonzerabe anthu zolemba.

"Ndamva, bambo a Dylan," anatero motsitsa. Kenako anadzikonza okha. "Bambo a Atuweni."

Redieta inayambanso tiki tiki. Nyimbo ya pansi inabwerera m'nyumba. Jinja uja anatha ngati wina watsegula windo, chonsecho linali lotseka.

Mawa lake kutchalitchi mbiri ija mayiwo sanampatse mkulu wa mpingo. Anaiwerenga okha, atayima nji, ndipo atafika pa ana anayamba ndi Atuweni mokweza, anthu onse akumva. Amenewo ndiye amayi! Maliro atatha ku Zomba, Atuweni anaimba foni. Anati, "Amayi," mawu amene anali asanawatchulepo chibadwire kwa mayi amenewa.

Masiku ano ntchito ya malemu anaitenga Mapopa. Wophunzira akasowa polembera, amamuikira pulogalamu ija kwaulere, ndipo amaitama kuti sinamukhumudwitsepo. Mukamufunsa za tsiku lija, amati anafufuza paliponse m'pulogalamumo, mpaka anafunsa anzake odziwa kuposa iye, koma chida cholemba chokha sanachipeze. Laputopu ya Bennet idakali kukachipinda kam'mwamba. Imagwira ntchito bwinobwino, ana amalembera za kusukulu. Koma m'nyumba imeneyo palibe amene amafufutapo dzina la munthu.