Bondo la Hadeel

Chikhakha anachichotsa kalekale, koma Hadeel anali akadali pampando wautali wa m'chipinda cha alendo, mwendo uli pamapilo ngati khanda. Anathyoka atagwa pamasitepe otsikira kumsika, masitepe osatha aja a mumzinda wa Amman. Tsiku lochotsa chikhakha, dokotala wa mafupa sanapite m'mbali. "Bondo ili uzilipinda tsiku lililonse, ndipo uziyenda. Liziwawa, inde. Koma ukalinyengerera liuma, ndipo likauma, lauma."

Mayi ake anamva, anavomera ndi mutu, koma atangofika kunyumba anamugoneka.

Musawaseke, anali ndi chifukwa chawo. Kwathu kuno munthu akadwala, chitseko sichipuma. Madzulo aliwonse kunkabwera azakhali, anansi, akazi a anzawo a bambo, aliyense ndi mbale ya zotsekemera. Ndipo wodzazonda amafuna apeze wodwala ali chigonere, bulangete mpaka m'chifuwa. Akamupeza ali chiimire, khofi asanazizire nkhani yafika kale kumapeto kwa msewu: "Amake Bashar aja akumutuma mwana wothyoka mwendo."

Choncho Hadeel akangoti aponde pansi, mayi ake ankatulukira kukhitchini manja ali ufa wokhawokha.

"Ukupita kuti? Ukufuna chiyani ndikutengere?"

"Ndikufuna kuchita mafizo, Amayi. Adokotala anati..."

"Adokotala sanakubereke. Dzulo unkalira ine ndikumva. Gona, mama."

Naye mchimwene wake Bashar sankathandiza. "Mfumukazi yadzuka? Tiyitane anthu oinyamula?"

"Sekani, achimwene. Ndikachira ndidzakusiyani pamasitepe monga kale."

Atabwereranso kuchipatala, dokotala anagwira bondo lija n'kuyesa kulipinda. Linakana. Linali louma kuposa tsiku loyamba. Dokotala sanakalipe, anangoyang'ana Hadeel m'maso. "Nthawi ikutha, mwana iwe. Mwendowu ndi wako."

Hadeel anachita mantha enieni. Kusukulu panalibe womupeza pa liwiro, ndiye lero azikoka mwendo moyo wake wonse chifukwa choopa pakamwa pa anthu? Anakana mumtima. M'mawa mayi ake akapita kukagula buledi, iye ankagwira m'mphepete mwa tebulo n'kumapinda bondo, ataluma mano, thukuta lili kamukamu. Koma kanthawiko kanali kochepa, ndipo zinkamukwiyitsa kuti achite kuba mafizo ngati mwana woba shuga.

Lachisanu lina, mapemphero atatha, kunabwera azakhali ake a Sawsan pamodzi ndi Hajja Nawal, mayi wachikulire wa nyumba ya kumtunda, amene msewu wonse unkawapatsa ulemu. Hajja analowa chokoka mwendo wamanja, ndipo atakhala pansi mwendowo unangowongoka ngati ndodo.

Hadeel anamva timakapu tikulira kukhitchini. Kupereka khofi kwa alendo ndi ntchito ya mtsikana wa pakhomo. Anachotsa bulangete, anaimirira, ndipo anakumana ndi mayi ake pakhomo la chipindacho.

"Bwerera, alendo akuona," ananong'ona mayi ake.

"Aone. Ndipatseni thireyi."

"Ukufuna kundichititsa manyazi?"

"Ayi, Amayi. Ndikufuna mwendo wanga."

Anagwira thireyi ija ndi manja awiri osaisiya. Mayi ake sakanalimbana naye pamaso pa alendo, ndiye anaisiya. Hadeel anayamba kuyenda, pang'onopang'ono, timakapu tikunjenjemera, khofi akutayikira m'mbali.

"Amake Bashar, mpaka pamenepa?" anatero azakhali a Sawsan. "Mwana akutsimphina chonchi, inu manja muli nawo?"

Nkhope ya mayi ake inagwa. Hadeel anaziona, zinamupweteka, koma sanabwerere. Anayambira kwa wamkulu monga mwa mwambo. Mpando wa Hajja unali waufupi, moti kuti awafikire anayenera kupinda bondo. Linawawa mpaka misozi inalengeza, koma linapindika.

Hajja analandira kapu, koma osamwa. Anaiika patebulo. Onse anadziwa tanthauzo lake, pakuti mlendo akaika kapu pansi asanamwe ndiye kuti ali ndi pempho, ndipo samwa mpaka mwini nyumba atavomera.

"Imwani, Hajja," anatero mayi a Hadeel. "Chilichonse mungapemphe ndi chanu."

"Musafulumire, mwana wanga. Yambani mwamva." Hajja anamenya bondo lawo ndi chikhatho. "Ine ndinagwa ndili msinkhu wa mtsikanayu. Mayi anga, Mulungu awachitire chifundo, ankandikonda kwabasi. Anandigoneka, kumandidyetsa ndi dzanja lawo, phazi langa osaliloleza pansi. Anansi onse anawayamikira kuti amadziwa kudwazika. Anansiwo anapita kalekale, ine ndatsala ndi ichi. Kuyambira nthawi imeneyo mphumi yanga sinagundepo pansi popemphera. Ndimapemphera pampando ngati mlendo m'nyumba ya Mulungu." Anapumira kaye, kenako analoza pampando wautali uja. "Pempho langa ndi limodzi. Chotsani mapilo awo."

Azakhali a Sawsan anayang'ana kumbali. Mayi a Hadeel anayang'ana mwendo wowongoka wa Hajja, n'kuyang'ananso mwendo wa mwana wawo ukunjenjemera pansi pa thireyi. Kenako anapita pampando paja, ananyamula mapilo onse, anapinda bulangete, n'kukaziponya kuchipinda.

"Imwani khofi wanu, Hajja."

Hajja anamwa.

Manja a mayi a Hadeel anatambasuka okha kuti alandire thireyi kwa mwana wawo, koma anawabweza n'kuwabisa kumbuyo. Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Atsala azakhali ako," anatero. "Pita ukawapatse, khofi akuzizira. Ndipo ukafika upinde bondolo, usaweramitse msana wokha."

Hadeel anatembenuka. Bondo linali kuyaka moto, azakhali anali kutsidya lenileni kwa chipinda, ndipo panalibe womugwira mkono. Anakweza phazi n'kuponda.