Mawu Akuba pa Maliro a Bambo

Kwathu ku Kapuwa tinali banja la ulemu wake. Bambo anga, a Numeriyo, ankaweruza milandu pabwalo la mzinda, ndipo tikamadya ankakonda kutilakatulira ndakatulo za Agiriki. Mwana wamwamuna ndinalipo ndekha, ine Voluso. Nditakula ananditumiza ku Atene kukaphunzira nzeru ndi luso lolankhula pagulu.

"Mwambo wathu ukuudziwa," anatero ponditsanzika. "Tsiku limene ndidzafe, wodzaima pabwalo kuuza anthu za moyo wanga ndiwe. Ukalimbikire, mwana wanga, usadzandichititse manyazi ndili chigonere."

Ndinalonjeza. Kulonjeza sikutopetsa.

Ku Atene aphunzitsi anga anali a Teodoto, nkhalamba yophunzitsa ikuyendayenda pakhonde la miyala. Mwezi usanathe ndinapalana ubwenzi ndi Kalipo, wophunzira amene anakalambira pasukulupo osatola kanthu.

"Aise, ukudzivutitsiranji?" anandifunsa. "Nzeru zili m'ndevu. Sunga ndevu, funda nsalu yong'ambika, anthu akamatsutsana uzingogwedeza mutu. Basi, ndiwe wanzeru. Tiye kudoko."

Kudokoko anaitanitsa vinyo. Nditafuna kuthirako madzi monga amachitira anthu aulemu, anandigwira dzanja.

"Madzi ndi a achule, iwe."

Kuyambira tsikulo kukhonde ndinkangopitako mwa apo ndi apo. Tsiku lina a Teodoto ananyamula thabwa langa lopakidwa phula lolembapo, phulalo lili see, lopanda ndi chilembo chimodzi chomwe.

"Voluso, ndevu ngakhale mbuzi ili nazo," anatero. "Lidzafika tsiku lofuna mawu akoako, ndipo udzatsegula pakamwa n'kupeza mulibe kanthu."

Ndinawaseka kumbali. Kwathu ndinkatumiza makalata odzaza ndi nzeru zokopera kwa anzanga, bambo n'kumawerengera alendo monyadira. Ndikakumbukira zimenezi mpaka lero ndimachita manyazi.

Patatha zaka zitatu kunabwera kalata yoti bambo akudwala mwakayakaya. Mantha anandigwira, osati chifukwa cha bambo, koma chifukwa cha bwalo lija.

"Nkhalamba ija ili ndi bokosi lodzaza mipukutu," anatero Kalipo. "Imalembera anthu mawu a pamaliro. Akufa onse amatamandidwa mofanana. Ukatengapo umodzi, adziwa ndani?"

Ndinaba umodzi wolembedwa m'chinenero chathu. M'chombo ndinawerenga mizere yoyambirira, ndinaona kuti ndi yokoma, n'kuupindanso. Ulendo wonse ndinathera kumwa ndi amalinyero. Nditafika kwathu ndinapeza bambo atatsikira kulichete dzulo lake.

Tsiku la maliro tinawanyamula kupita nawo pabwalo. Abale anavala nkhope za phula za makolo athu, monga mwa mwambo, n'kukhala pamipando kutsogolo. Mayi anga, a Sulupisiya, anandigwira pamkono.

"Wakonzeka, mwana wanga? Bambo ako ankati ukadzalankhula iwe, mzinda wonse udzalira."

"Musadandaule, Mayi."

Ndinakwera pansanja n'kutambasula mpukutu. Ndinamva amalume akung'ung'udza kuseri kwa nkhope yawo ya phula: "Zaka zitatu ku Atene, koma akuchita kuwerenga?"

Poyamba zinayenda. Munthu wolungama, wokonda milungu, wosakondera. Anthu anavomereza ndi mitu. Kenaka ndinadzimva ndikutamanda zombo zake khumi ndi maulendo ake a ku Iguputo, chikhalirecho bambo anga sanakwerepo chombo moyo wawo wonse. Anthu anayamba kuyang'anana. Ndikanasiya pomwepo n'kulankhula za kumtima, koma m'mutu munalibe kanthu. Ndinangothamangitsa maso pamzere wotsatira, pakamwa n'kumatsatira.

"Chomvetsa chisoni koposa," ndinawerenga mokweza, "n'chakuti wapita osasiya mwana wamwamuna woti n'kumulira."

Amalume anavula nkhope ya phula ija mwaukali.

"Tsika pamenepo, wakuba iwe. Mawuwa ndi a maliro a ndani?"

"Musiyeni, achimwene," anatero mayi, osakweza mawu, osandiyang'ana. "Pa zonse wawerengazi, chomalizachi ndiye choona."

Bambo anga anaikidwa popanda wowanenera mawu. Munthu amene anaweruza mzinda mwachilungamo zaka makumi atatu, anthu amamukumbukira ndi nkhani ya mwana wake woba mpukutu. Ndinabwerera ku Atene kukabweza mpukutuwo, ndinagwada, a Teodoto anandilandiranso, ndipo ndinayambira pachiyambi pakati pa ophunzira atsopano. Lero ndikhoza kulankhula za bambo anga tsiku lathunthu, koma maliro a munthu sachitika kawiri.

Inu amene muli pasukulu, mverani ine wochimwa. Ulesi umaitana mowa, mowa umaitana kuba, ndipo nzeru zakuba zimakuthawa pa tsiku lomwe wazifunitsitsa. Phunzirani makolo anu akadali ndi makutu okumverani.