Mlendo wa Lachisanu wa Lalla Zhor

Bambo wina wotchedwa Si Abdelhak Lahlou anatsegula fulati yake m'tauni ya Mohammedia Lachitatu lina la mu Januwale m'mawa n'kupeza makoma okhaokha. Mipando, makapeti, filiji, kanema, ngakhale mababu, zonse zinali zitapita. Loko sinathyoledwe.

Anatsika masitepe akukuwa, nakamenya chitseko cha Lalla Zhor, mayi wamasiye yemwe ankasunga makiyi a anzake.

"Hajja! Katundu wanga ali kuti?" anakuwa, pomutchula dzina laulemu la amayi achikulire.

"Si anatenga Jaouad, mwana wa mlongo wanu? Akuti mukufuna kupenta."

"Jaouad wake uti? Mlongo wanga alibe mwana wamwamuna!"

Lalla Zhor anagwira mphuthu ya chitseko.

Nyumba yosanjayi, yotchedwa Yasmina, inayang'anizana ndi nyanja. Aliyense mumzinda wapafupi wa Casablanca ankailakalaka. Eni mafulati ake anali madokotala ndi amalonda a mumzindamo, obwera nthawi yotentha yokha ndi ana awo aphokoso. Sepitembala ikatha ankatseka mazenera, kusiya makiyi kwa Lalla Zhor, n'kubwerera. Mwamuna wake, Si Larbi, ndi amene anaumirira kuti asamukire kuno atapuma ntchito. Anakhalako chaka chimodzi chokha n'kumwalira. Mwana wawo anakwatiwa kunja kwa dziko, ku Lyon. Nyengo yozizira mayiyu ankatsala yekha m'chinyumba chonsecho. Ankatha sabata osamva munthu akutchula dzina lake.

Apolisi anafika masana. Inisipekitala Sebti, mwamuna wamfupi wa chimfine, anakhala pampando wa malemu osapempha.

"Anabwera liti munthuyu?"

"Disembala. Mvula ikugwa. Anagogoda, atanyamula ndowa ya penti."

"Munamufunsa chiphaso?"

"Ankadziwa dzina la Si Abdelhak, la akazi awo, la galu wawo."

"Munawaimbira eni ake?"

"Ndinaimba kawiri. Sayankha anthu awa, mwanawe. Amandikumbukira Juni."

Si Abdelhak anayang'ana pansi.

"Makiyi ena munam'patsa?"

"Awiri. Anati eni ake nawonso agwirizana naye."

Anakatsegula mafulati awiriwo. Namonso munali mbee.

"Kapena munagawana?" anatero Sebti, akupukuta mphuno.

"Ndigawane chiyani? Yang'anani m'nyumba muno."

Sanawauze zonse. Sananene kuti Jaouad anamukonzera mpopi wakukhitchini. Sananene kuti ankamutsitsira zinyalala, kapena kuti Lachisanu lililonse akachoka kumzikiti ankabwera kudzadya kuskusi, chakudya cha tirigu ndi nyama, akuseka kuti, "Amayi, mukandizoloweza chonchi sindikwatira." Anangopereka nambala ya foni. Sebti anaimba. Inali yozimitsa.

Wogulitsa khofi pakona ya msewu anaionapo galimoto yoyera yonyamula katundu, koma nambala sanaisamale. Msewu wa m'mbali mwa nyanja nthawi ino umakhala wa amphaka ndi mphepo. Panalibenso mboni ina.

Lachinayi m'mawa foni ya Lalla Zhor inalira. Nambala yachilendo.

"Amayi! Mwadzuka bwanji? Foni yanga ija inagwera m'madzi."

Lalla Zhor anawazindikira mawuwo. "Jaouad."

"Mawu anuwo bwanji? Mukudwala?"

"Ndi kachifuwa chabe, chifukwa cha kuzizira."

"Mawa ndikubwera. Dokotala wa fulati yapamwamba penipeni uja akufunanso penti. Mundikonzere makiyi ake. Nanga kuskusi ilipo?"

"Ilipo, mwanawe."

Anaika foni pamiyendo. Kunja mafunde ankamenya khoma. Anaganiza zosauza apolisi, kungomuuza Jaouad athawe, basi. Kenako anakumbukira nkhope ya Si Abdelhak pakhomo, ndi funso la Sebti lija. Anavala mkanjo wake wa jalaba, nauyamba wa kupolisi.

"Ife tibisala m'fulati yoyandikana ndi yanu," anatero Sebti. "Akangolandira makiyi, gogodani khoma. Musachedwe."

Lachisanu anadzuka m'mamawa. Anagula nyama ya nkhosa, dzungu, kaloti ndi anyezi. Anaphika mosamala ngati pali chikondwerero.

Jaouad anafika mapemphero atatha. Anali mnyamata wa zaka za m'ma makumi atatu, wowonda, wa dzino lothyoka kutsogolo. Anabweretsa malalanje. Anamupsompsona pachipumi.

"Mwaonda, Amayi. Ndikasowa simudya, eti?"

"Samba m'manja."

Makiyi a dokotala anali pathebulo. Jaouad anawaponya m'thumba asanakhale n'komwe. Lalla Zhor anayang'ana khoma. Sanagogode.

Anaika mbale yaikulu pakati. Anamukankhira nyama mbali yake.

"Idya."

"Inu bwanji?"

"Ndikudya."

Jaouad ankadya ngati munthu wochokera kutali, akucheza. Anakamba za sitima yodzaza ya ku Casablanca, za kachipinda kake kopanda zenera, za mayi ake omwe anamusiya ali wamng'ono. Lalla Zhor sankadziwa kuti zoona ndi ziti. Ankangomvetsera. Kuseri kwa khoma wina anayetsemula.

Jaouad anaimitsa dzanja. "Muli munthu umo?"

"Mapaipi."

Anayang'anana. Mnyamatayo anayang'ana chitseko, n'kuyang'ananso mbale. Sanadzuke.

"Malizitsa," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Tiyi ndathira kale."

Anamalizadi. Anamwa tiyi wake mpaka pansi. Atatsitsa tambula, Lalla Zhor anaimirira, nagogoda khoma.

Apolisi atatu analowa. Jaouad sanalimbane nawo. Sebti anamutulutsa makiyi m'thumba, namumanga unyolo.

"Tinati musachedwe, Hajja," anatero mokwiya. "Akanakubayani?"

"Anali asanadye."

Galimoto yoyera ija anaipeza kuseri kwa nyumba, mnzake wa Jaouad atagona pachiwongolero. Dzina lenileni la Jaouad linali Mourad Chakiri. Chilimwe chathachi ankabwereketsa maambulera kugombe, ndipo n'komwe anaphunzira maina a eni mafulati, a akazi awo, ndi a agalu awo. Makapeti ndi mafiliji ena anapezeka kumsika wa katundu wakale ku Casablanca. Zambiri zinali zitagulitsidwa.

Mlandu unazengedwa mu Epulo. Lalla Zhor anaima kupereka umboni maso ali kwa woweruza yekha. Si Abdelhak ndi anzake anakhala benchi ina. Palibe anamusunthira malo mayiyo. Woweruza analamula kuti Mourad akakhale kundende zaka zinayi, mnzakeyo ziwiri.

Akuwatulutsa, anadutsa pafupi ndi pomwe mayiyo anakhala. Mourad anaima, wapolisi akumukoka mkono.

"Amayi, chifuwa chija chinatha?"

Lalla Zhor anafuna kutembenukira kumbali. Koma kuyambira Januwale palibe anali atamufunsapo za thupi lake, ngakhale mwana wake wa ku Lyon.

"Chinatha, mwanawe," anayankha.

Wapolisi anamukankha, chitseko chachitsulo n'kutsekeka.