Ndalama ya Ngolo ya Asitate

Abibaala ankaswa nkhono zopangira utoto wa nsalu kuno ku Sidoni, ndipo fungo lake linkayamba kufika mwini wake asanaoneke. Pa chikondwerero cha Asitate, mulungu wamkazi wa mzinda wathu, eni nsalu ankayenda pambali pa ngolo yopatulika atatchena. Iye ankaima kumbuyo, anthu atagwira mphuno, mtima ukumuwawa.

Tsiku lina anapita kwa Yatoni, sing'anga wa kudoko, kukafuna mankhwala olemerera. Yatoni anatulutsa ndalama yamkuwa, ija ili ndi mutu wa mfumu ya Aroma mbali ina, ngolo ya Asitate mbali inayo. Anailavulira n'kuipaka zakudazakuda.

"Chaka chilichonse ngolo ikafika pamene waima, uifumbate ndalamayi, ukane m'bale wako mmodzi anthu akumva."

"Mawu chabe, agogo?"

"Mawu chabe, mwana wanga. Mpeni sindiufuna ine."

Chaka choyamba analoza mlongo wake Berenike. "Mkazi uyu sindikumudziwa." Anthu anaseka, Berenike anazyolika. Mwezi usanathe anamuika m'manda, ndipo Abibaala anagula chombo. Chaka chachiwiri ankadziwa bwino chimene akuchita, komabe anakana amalume ake amene anamulera. Nawonso anapita. Iye anamanga nyumba yamiyala, koma anasiya kuyang'ana anthu kumaso.

Chikondwerero china chitayandikira anathamangira kwa Yatoni.

"Agogo, atsala amayi okha."

"Ndiye mwayi wako, suvutika kusankha."

"Nanga ndikapanda kutero?"

"Ubwerera ku nkhono zako. Mzinda wonse udzakuseka."

Mayi ake, a Arishati, ankasesa bwalo la kachisi, ndipo pa tsiku la chikondwerero ankaimba pambuyo pa ngolo. Ataona mwana wawo ataima pakati pa olemera, anatuluka mumzere, nkhuyu zouma zili m'manja.

"Abibaala, mwana wanga, waonda. Idyako izi."

Mawilo a ngolo anali atafika. Iye anafumbata ndalama ija.

"Chotsani nkhalambayi. Sindikuidziwa."

Mayiwo anamuyang'ana, kenaka anagwada monga amachitira kapolo.

"Pepani bwana. Ndimayesa ndinu mwana wanga."

Anamwalira mwezi womwewo. Ansembe ndiwo anawaika, chifukwa Abibaala analephera kutuluka m'nyumba ndi manyazi. Malonda ankayendabe, koma ndalama iliyonse imene amalonda ankamupatsa inali ndi ngolo ija, ndipo akaiona ankakuwa. Anakhuthulira matumba m'nyanja, anang'amba zovala zake, akapolo anathawa ndi zotsala.

Anakhala zaka zambiri pakhomo la kachisi, nkhope ataiphimba ndi chiguduli, akugwira miyendo ya aliyense wolowa.

"Anali amayi anga aja. Mwamva? Anali amayi anga!"

Anafera pomwepo.

Umphawi umapweteka, koma sunamulande Abibaala mayi ake. Linamulanda ndi dyera. Chuma chimene ukuchigula ndi abale ako, usachikhudze n'komwe.