Kolala Yopindika Kuseri kwa Manda

Foni italira, Kapenya anali ataweramira makina osokera, mapini ali kukamwa. Kunja kunali kutada kale, mashopu onse a pamzerepo atatseka. Woimbayo anali mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, akupumira m'mwamba.

"Alamu, matenda ayamba! Tili kuchipatala ndi amayi. Achemwali akuti mukachedwa chifukwa choyang'ana msoko wa munthu panjira, musavutikenso kubwera."

"Auzeni ndanyamuka kale!"

Anali asananyamuke. Analavula mapini, anazimitsa simbi, anakhoma chitseko, ndipo anauyamba ulendo tepi yoyezera ikadali m'khosi.

Dzina la Kapenya sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi atelala anzake, chifukwa panalibe chimene chinkamudutsa. Babu likatsala pang'ono kupsa, iye ankalimva kulira kwake. Kasitomala asanakhale n'komwe pansi, iye ankakhala atadziwa kale kuti phewa lakumanzere n'lotsika. Ena ankati ndi mphatso, koma mwini wake inkamutopetsa, ndipo inkamuchedwetsa kulikonse. Mimba yoyamba itapita padera, mkazi wake analira yekha kuchipatala, iye akulimbana ndi mpendero wa suti ya mwini. Ulendo uno analumbira: mwana akamalira koyamba, iye adzakhala ali pakhomo pomwepo.

Maminibasi anali atasiya kuyenda. Njira yachidule yopita kuchipatala inkadutsa kuseri kwa manda, koma usiku umenewo manda sanali kanthu kwa iye. Ankayenda ngati wina akumukankha kumsana, akumwetulira yekhayekha mumdima.

"Ndikhala bambo! Ine ndemwe, bambo!"

Chilichonse chinkamukomera. Fungo la buledi wophikidwa usiku ku bekale, galu wina wouwa mwaulesi kuseri kwa mpanda, matope a mvula yamadzulo akumata ku nsapato. Ngakhale nkhululu ankazimva m'magulumagulu, za kudzanja lamanja zikulira mokweza kuposa za kumanzere. Anaganiza za timalaya timene anasoka kuchokera ku zidutswa za nsalu, tofewa, topanda batani ngakhale limodzi loti lingakande khungu la khanda, ndipo anaseka mokweza.

Kuseka kwakeko kunamveka kokha. Nkhululu zinali zitasiya.

Zii...

Anachepetsa liwiro. Mpanda wa manda unali kudzanja lake lamanja. Patsogolo, pansi pa nyale yomaliza ya mumsewu, panaima bambo wachikulire wovala suti yakuda.

Munthu wina akanangodutsa. Kapenya anaona zonse asanafune n'kuona komwe. Jeketelo linali la masokedwe akale, amene atelala anasiya kalekale. Msewu unali matope okhaokha, koma nsapato za bamboyo zinali mbee! Pamwamba pa nsidze yakumanja panali chipsera. Ndipo munthu aliyense amakhala ndi fungo lake, la thukuta, la sopo, la utsi, koma uyu ankangomveka ngati sutikesi yotsekedwa zaka.

Koma chimene chinamubaya kwambiri ndi kolala. Inali itapindikira m'kati kuseri kwa khosi, mbali imodzi yokwera, ina yotsika.

"Mwaswera bwanji, bambo?" anatero Kapenya, akudutsa mofulumira.

"Ikundikanda pakhosi," anayankha bamboyo, mawu ake otsika ngati ochokera m'chitsime. "Inayamba kale. Inu si a singano kodi?"

Pita, anadziuza yekha. Mkazi wako akukudikira, pita! Miyendo inamvera, koma maso anatsalira pa kolala paja. Telala weniweni akhoza kugona ndi njala, koma sangagone atasiya kolala yopindika. Dzanja lake linali litafika kale pa thumba la malaya, pamene nthawi zonse ankabayapo singano ya ulusi wake.

"Kanthawi kochepa chabe, bambo. Tembenukani."

Bamboyo sanatembenuke. Kapenya anazungulira yekha kumbuyo kwake.



Jeketelo linali lodulidwa kumsana. Kuyambira kumpendero mpaka kukolala, lodulidwa ndi sizasi, kenaka n'kulumikizidwa ndi misoko italiitali ya pamanja. Ulusi wobiriwira pa nsalu yakuda. Misoko yopendekera kumanzere, ya dzanja lonjenjemera. Telala aliyense amadziwa kuti pali kasitomala mmodzi yekha amene amamuveka jekete chotero: amene sangathenso kukweza mikono.



Anayang'ana mapewa. Munthu ukamamuyeza, mapewa amakwera ndi kutsika. Awa anali phee. Chala chake chinakhudza khosi... lozizira ngati simenti ya m'mamawa!

Thawa!

Miyendo inakana. Koma zala, zala zinkadziwa ntchito yake. Zinamasula msoko umene unakoka kolala. Zinaiwongola. Singano inalowa. Inatuluka. Inalowanso. Thukuta linkalowa m'maso. Anamanga mfundo, nadula ulusi ndi chikhadabo.

"Nda... ndamaliza, bambo."

Bamboyo anapukusa khosi pang'onopang'ono, uku ndi uku.

"Eyaa. Tsopano ndingaonekere kwa alendo." Anayang'ana chakuchipatala. "Mwanayo ndi wamkazi. Koma wakana kutuluka mpaka mufike. Thamangani, mkamwini."

Mkamwini?

Kapenya anakweza maso. Patsogolo pake panalibe munthu. Nyale yokha, ndi agulugufe ausiku akuizungulira. M'matope munali mapazi a munthu mmodzi, ozungulira malo opanda kanthu. Ake omwe!

Nkhululu zinayambiranso zonse pamodzi.

Analiyatsa liwiro la mtondo wadooka. Tepi inkauluka kumbuyo ngati mchira. Sankadziwa ngati akuthawa za kumbuyo kapena akuthamangira za kutsogolo, koma mumtima mawu amodzi okha ndi amene ankagunda: wamkazi, wamkazi, wamkazi! Anadutsa pageti ya chipatala mlonda akumukuwira, analowa m'khonde lonunkha mankhwala, ndipo mlamu wake anadzambatuka pabenchi.

"Alamu! Matope onsewa, mwagwa kodi?"

Kapenya anangomudutsa. Anafika pachitseko cha chipinda chochirira, nakuwa mopanda manyazi.

"Mayi, ndafika! Ndili pano!"

M'katimo munamveka mawu a mkazi wake, otopa koma aukali wake womwe uja. "Mwachedwa, inu!"

Kenaka kubuula kwakutali. Kenaka bata. Kenaka kulira kwakung'ono, kwaukali, kong'amba khonde lonse. Kapenya anagwira khoma, misozi ili chuchuchu. Namwino anasuzumira pachitseko.

"Bambo ake ndi ati? Mwalandira mwana wamkazi. Onse ali bwino."

Mlamu wake analumpha, akumugwedeza mapewa. Apongozi ake, mayi wodekha wosalankhula zambiri, anamuyang'anitsitsa ali pabenchi.

"Simunadabwe, bambo. Ngati munadziwa kale."

Kapenya anakhala kumapeto kwa benchi mwaulemu, nafotokoza zonse: nyale, nsapato zopanda matope, chipsera pa nsidze, jekete lodulidwa kumsana. Mlamu wake anasiya kuseka. Apongoziwo sanaphethire.

"Ulusiwo unali wa mtundu wanji?"

"Wobiriwira, amayi. Ndipo wosokayo anali wamanzere."

Mayiwo anayang'ana dzanja lawo lamanzere, limene linali pamwendo, ngati akuliona koyamba.

"Wakuda unali utatha m'nyumba," anatero motsitsa. "Amenewo ndi apongozi anu aamuna, bambo ake a mkazi wanu. Inu simunawaonepo. Tinawaika m'manda omwewo mkazi wanu akadali ku pulayimale, mlamu wanuyu ali kumsana. Jekete lija ndinasoka ndine, misozi ikundiphimba m'maso. Kolala inandikanika. Bokosi analitseka ine ndikuiona kuti yapindika, ndipo zaka zonsezi yakhala ikundiwawa mumtima."

M'chipinda muja khanda linaliranso. Mayiwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, natembenukira kwa mkamwini wawo.

"Ndiye mwati mwaikonza?"

"Ndaikonza, amayi. Yakhala bwino."

"Chabwino," anatero, akuimirira. "Kasambeni m'manja, mudzamunyamule mwana wanu."