Chigamba cha Dzanja Lamanzere

Kunali telala wina, mtsikana wanzeru pa zonse, kupatula chimodzi: ankakhulupirira mawu a pafoni.

Anakumana ndi mnyamata wina pokwerera basi, tsiku limene anyamata a kwawo ankapita kumafakitale. Kumeneko fakitale yoluka nsalu inali itakoka yonyika utoto, yonyika utoto inakoka yosoka zovala, yosoka inakoka ya mabatani ndi mazipi, mpaka msewu umodzi unameza achinyamata a maboma atatu. Kwawo kunatsala okalamba, osasoketsa kanthu.

"Chemwali, batani landithawa," anatero mnyamatayo. Telala analisokerera basi isananyamuke.

Mauthenga anayamba sabata yomweyo. "Nyenyezi yanga, ukwati wathu ndi mwezi ukubwerawu." Mwezi ukubwerawo unatha zaka ziwiri. Telala ankadzifunsa: walakwa chiyani? Kapena akufulumira ndi iye? Tsiku lina anakwera basi osamuuza, kuti akamve tsiku lenileni.

Belu la masana litalira, mnyamatayo anatuluka pachipata cha fakitale ya utoto, manja ali biriwiri.

"Nyenyezi yanga! Bwanji osandiuza?"

Telala sanayang'ane nkhope. Maso ake anali pabondo la ovolosi.

"Wakusokerani chigambachi ndani?"

"Telala wa kumsika."

"Wa kumsika sasoka pamanja, ndipo sabwereza msoko kawiri. Amabwereza ndi amene amachapa yekha chovalacho. Onani kupendeka kwa ulusiwu: ndi wamanzere, ndipo amakukondani."

Mlonda wa pachipata anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, ingovomerani. Alamu afika kale ndi chakudya, ali pamthunzi apo ndi mwana."

Telala anatembenuka. Pansi pa mtengo panali mayi wachitsikana, akutsegula kontena ndi dzanja lamanzere.

Telala ankayembekezera kulira kwambiri, koma misozi inagwa iwiri yokha. Pachifuwa panapepuka ngati watula mtolo wa nsalu zonyowa. Sanalakwe kanthu, ndipo sadzadikiranso uthenga wa munthu.

Mnyamatayo anatsitsa mawu. "Ndakulakwira. Koma usabwerere kwanu chimanjamanja, kulibe ntchito kumene kuja. Kapitawo wa fakitale yosoka ndi mnzanga. Ndikulankhulire, mawa lomwe uyamba."

Telala anakoleka chikwama chake paphewa.

"Zikomo, bambo a mwana. Pobwera ndawerenga zipata khumi ndi zinayi pamsewu uno, ndipo zisanu zalemba kuti zikufuna osoka. Ndigogoda ndekha. Pitani, chakudya chikuzizira."